Amene amatchingira anzawo mphepo nawonso alembedwe

A Mkonzi,

Ndithokoze chifukwa cha danga limene nyuzipepala yanu imapereka ku mipikisano ya njinga zakapalasa, masewero amene kwa nthawi yaitali akhala akuphimbika ndi mpira wamiyendo komanso wa ntchemberembaye. Ndalemba kalatayi chifukwa pali mbali imodzi ya masewerowa imene siituluka m'nkhani zimene timawerenga, ndipo ndikukhulupirira kuti kusatuluka kwakeko kukubwezera m'mbuyo anyamata ndi atsikana athu amene Mulungu anawapatsa miyendo yamphamvu. Ndikunena za wopalasa amene amalowa mumpikisano akudziwiratu kuti sapikisanira iye mwini, koma ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti mnzake wa m'timu imodzi wafika pamzere womalizira ali woyamba. M'mayiko ambiri munthu wotere amamutchula ndi mawu a Chifalansa akuti domestique, ndipo muno ine ndizingomutchula kuti mthandizi.

Ine ndimakhala kuno ku Salima, ndipo pa unyamata wanga ndinapalasako m'mipikisano ing'onoing'ono ya m'mbali mwa nyanja muno, kawirikawiri monga mthandizi chifukwa ndinali ndi mphamvu yopirira mtunda wautali koma liwiro la pomaliza ndinalibe. Masiku ano ndimathandiza achinyamata angapo amene amakumana m'mamawa pa Kamuzu Road n'kupalasa kulowera ku Senga Bay kapena kukwera msewu wa ku Lilongwe. Choncho zimene ndikufotokoza pano ndi zimene ndinazimva m'mapapo ndi m'ntchafu mwangamu, pamodzi ndi zimene zimadziwika bwino za mipikisano ikuluikulu ya kunja.

Chiyambi cha nkhani yonse ndi mphepo. Munthu akamapalasa pamsewu wopanda chitunda pa liwiro la makilomita 40 pa ola, gawo lalikulu kwambiri la mphamvu zake silithera pa kulemera kwa njinga kapena kwa thupi lake ayi, koma pa kung'amba mpweya umene uli patsogolo pake. Wina akabwera n'kukhala pambuyo pake penipeni, tayala lakutsogolo litatsala pang'ono kukhudza lakumbuyo la mnzakeyo, amayenda liwiro lomwelo atapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, ndipo amene wabisala pakati pa gulu lalikulu amapulumutsa zochuluka kuposa pamenepo. Tanthauzo lake ndi lakuti anthu awiri angathe kuyenda makilomita 100 pamodzi n'kufika pamalo amodzi nthawi imodzi, koma wina atatheratu pamene mnzake akadali ndi mphamvu zothamangira makilomita awiri otsalawo. Amene watheratuyo si wofooka. Mphamvu zimene mnzakeyo watsala nazo ndi zimene iye wamusungira pomutchingira mphepo tsiku lonse.

Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, zimenezi si za m'mabuku. Aliyense amene anapalasapo pa msewu wa M5 pakati pa Salima ndi Nkhotakota m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti amaudziwa mwera. Popita kumpoto umakukankha kumsana, njinga n'kumapepuka mpaka kudziona ngati katswiri, koma pobwerera umakulandira kumaso ndi cham'mbali, ndipo pamenepo m'pamene timu imadziwikira ngati ilidi timu. Mphepo ikamawomba cham'mbali, kubisala kumbuyo kwenikweni kwa mnzako sikuthandiza. Uyenera kukhala chakumbuyo koma chopendekera kumbali imene mphepo siikuchokera, ndipo wotsatira achite chimodzimodzi, kotero kuti mzere wa opalasa umayenda mopingasa msewu. Popeza msewu uli ndi malire, mumzere woterewu mumangokwana anthu ochepa, ndipo otsalawo amakanikizidwira kumphepete kumene kulibe chowatchinga, mpaka mmodzimmodzi amayamba kuduka. Mthandizi wodziwa ntchito yake amaona msanga malo amene mitengo ikutha ndipo msewu ukulowa m'dambo lopanda chotchinga, ndiye asanafike pamenepo amatenga mtsogoleri wake, yemwe timu ikufuna kuti apambane, n'kumukwezera kutsogolo kwa gulu, iye n'kukhala kumbali yochokera mphepo. Mtsogoleri amene wapezeka kumbuyo pa nthawi imeneyo angathe kutaya mpikisano wonse m'mphindi zisanu, ngakhale atakhala wamphamvu kuposa onse amene anayamba nawo.

N'chifukwa chake mipikisano ikuluikulu imachitika m'matimu ngakhale kuti dzina lolembedwa pamwamba limakhala limodzi. Mpikisano wa Tour de France, umene unayamba mu 1903, umachitika m'zigawo 21 mkati mwa masabata atatu ndipo mtunda wake umayandikira makilomita 3,500. Timu iliyonse imabwera ndi opalasa 8, ndipo m'matimu amene akufuna malaya achikasu a wopambana, anthu 7 amapita kumeneko kukagwirira ntchito mmodzi. Pa mpira, timu ikatenga chikho aliyense amavala mendulo, ngakhale amene anakhala pabenchi, koma pa njinga mbiri imasunga dzina la mtsogoleri lokha.

Ntchito yoyamba ya mthandizi, imene amaipatsa ngakhale wongoyamba kumene, ndi yotunga madzi. M'mipikisano ya kunja, galimoto za matimu zimatsatira pambuyo pa gulu, ndipo mthandizi amachepetsa liwiro mpaka kufika pa galimoto ya timu yake, n'kulandira mabotolo a madzi ambirimbiri amene amawalowetsa m'matumba, kumsana ndi kukhosi kwa malaya ake, kenako n'kuyamba kukwera kudutsa anthu oposa 150 kufunafuna anzake mmodzimmodzi. Ulendo umenewu amaubwereza kangapo pa tsiku lotentha, ndipo ulendo uliwonse umamudyera mphamvu zimene mtsogoleri sakuwononga. Kuno kwathu galimoto zotere sizipezeka kawirikawiri. Timadalira njinga yamoto ya mnzathu, kapena abale amene taimika pamalo ogwirizana ali ndi mabotolo ndi nthochi, ndipo amene amachepetsa liwiro kuti alandire zinthuzo n'kuthamangitsanso gulu ndi mthandizi yemweyo. Amene anapalasapo mu Okutobala wa ku Salima, phula likuchita kunyezimira ndi kutentha, amadziwa kuti munthu wosowa madzi kwa theka la ola miyendo imayamba kukokana, ndipo nzeru zoyendetsera mpikisano nazo zimathawa.

Ntchito ina, yowawa kuposa ya madzi, ndi yothamangitsa othawa. Pafupifupi mumpikisano uliwonse pamapezeka anthu angapo amene amachoka m'gulu kumayambiriro n'kuyesa mwayi wokafika okha. Timu imene ili ndi chiyembekezo chopambana imatuma athandizi ake kutsogolo kwa gulu kuti asalole mpata kukula kupyola muyeso. Apa mphamvu zokha sizikwanira, pafunikanso mutu. Ukawapeza othawawo msanga, ena amene apuma amathawanso ndipo ntchito yako iyambiranso poyamba. Ukachedwa, afika pamzere iwe ukuwaona. Choncho mthandizi amayenera kudziwa makilomita otsala, mpata wa mphindi umene ulipo, kumene mphepo ikuchokera, ndiponso kuti mwa othawawo ndani angapirire ndipo ndani akungodzionetsa. Wopalasa wina wa ku Belgium, Tim Declercq, anatchuka kwambiri ndi ntchito imeneyi mpaka anamupatsa dzina loti thirakitala, chifukwa ankatha kukhala patsogolo pa gulu kwa maola angapo akukoka anthu onse, ndipo matimu ankamulemekeza ngakhale kuti dzina lake silinkapezeka pa mndandanda wa opambana.

Ndiye pali nthawi imene tayala la mtsogoleri laphulika kapena wagwa. Mthandizi amene ali pafupi sadikira kuuzidwa. Amaima, ndipo ngati makaniko ali kutali amazula gudumu lake n'kupatsa mtsogoleri, kapena amamupatsa njinga yonse, iye n'kutsala m'mbali mwa msewu. Athandizi ena amadikira kuti amukoke mtsogoleriyo mpaka abwerere m'gulu. Nkhani imene okonda masewerowa amaikumbukira mpaka lero ndi ya mu 1934, pamene René Vietto, mnyamata wa zaka 20 amene ankakwera mapiri kuposa anzake onse mu Tour de France ya chaka chimenecho, anapereka gudumu lake kwa mtsogoleri wa timu ya France, Antonin Magne, m'mapiri a Pyrenees, n'kukhala pakhoma la m'mbali mwa msewu akulira podikira thandizo. M'mawa mwake Magne atapezanso vuto, Vietto amene anali kale patsogolo anatembenuza njinga n'kukwera phiri lomwe anali atatsika kuti akamupulumutse. Magne anapambana mpikisanowo, Vietto anathera pa nambala 5, ndipo pa moyo wake wonse sanapambanepo Tour de France. Ndionjezere pano, pothandiza okonza mipikisano yathu, kuti malamulo a UCI, bungwe loyendetsa masewero a njinga padziko lonse, amalola opalasa kupatsana gudumu pokhapokha ngati ali a timu imodzi. Mu Giro d'Italia ya 2015, mpikisano waukulu wa ku Italy, oyang'anira anamuonjezera Richie Porte mphindi ziwiri pa nthawi yake chifukwa cholandira gudumu kwa Simon Clarke, mnzake wa ku Australia koma wa timu ina.

Pa zitunda ntchito imasintha pang'ono. Pamene msewu wochoka ku Salima wadutsa pa Kaphatenga n'kuyamba kukwera mapiri a Kanyenyeva kulowera ku Mvera, liwiro limatsika ndipo kubisala mphepo sikupindulitsa monga pachidikha, komabe mthandizi amene amakwera bwino ndi chuma. Iye amaika liwiro limene mtsogoleri wake angathe kulipirira koma limene likuwotcha opikisana nawo, ndipo amaligwira mosasinthasintha mpaka mphamvu zake zonse zitatha, kenako amapatukira kumbali n'kusiyira mnzake wotsatira kapena mtsogoleri mwiniwake. Amene anaonera Tour de France ya 2022 adzakumbukira Wout van Aert, katswiri wotha kupambana yekha, akukoka Jonas Vingegaard pa phiri la Hautacam mpaka Tadej Pogačar anatsalira, ndipo ntchito itatha anangopatuka, njinga ikuchita ngati iima. Pa mipikisano yothera pachidikha, athandizi amandandalikana patsogolo pa mnzawo waliwiro m'makilomita omalizira, aliyense n'kuthira mphamvu zake zonse kwa mamita mazana angapo asanapatuke, kufikira wotsiriza amene amamusiya waliwiroyo patatsala mamita pafupifupi 200. Mark Cavendish, amene mu 2024 anakwanitsa kupambana zigawo 35 za Tour de France n'kuposa 34 za Eddy Merckx, zambiri mwa zigawozo anazipeza atakokedwa ndi anthu monga Mark Renshaw, amene mu 2009 ku Paris anamukoka mwamphamvu mpaka iye mwini anathera pa nambala yachiwiri.

Ntchito ikatha, mthandizi sakwera galimoto. Ayenerabe kufika pamzere, ndipo m'mipikisano ya masiku ambiri ayenera kufika nthawi yoikika isanakwane, apo ayi amachotsedwa ndipo mawa lake mtsogoleri akhala wopanda womutchinga. Amafika patapita mphindi 15 kapena 20, anthu atayamba kale kubalalika, ndipo pa pepala la zotsatira dzina lake limapezeka kumunsi pamodzi ndi la munthu amene anangolephera chifukwa sanakonzekere. Pepalalo silisiyanitsa anthu awiriwa.

Funso limene wowerenga angafunse ndi lakuti, nanga munthu wanzeru zake angavomere bwanji ntchito yotere? Kunja yankho lake ndi losavuta. Mthandizi amalembedwa ntchito ndipo amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, apambane asapambane, komanso pali mwambo wakale wakuti mphoto zonse za timu zimaponyedwa m'thumba limodzi n'kugawidwa kwa opalasa onse pamodzi ndi amakaniko ndi ena ogwira ntchito. Wopambana Tour de France amapatsidwa ndalama zokwana mayuro 500,000, ndipo mwambo ndi wakuti ndalamazo amazisiyira anzake, chifukwa iye phindu lake amalipeza pa mgwirizano watsopano ndi makampani ofuna dzina lake.

Kuno kwathu zinthu sizili choncho, ndipo apa m'pamene pagona dandaulo langa. M'mipikisano imene ndaionapo m'maboma a m'mbali mwa nyanja muno, mphoto imapita kwa oyamba atatu, mwina asanu, ndipo ena onse amabwerera ndi ludzu lokha. Ambiri mwa opalasa athu salandira malipiro kulikonse. Ena ndi akabaza amene asiya ntchito ya tsiku limenelo, ena ndi ana asukulu amene achita kubwereka njinga, ndipo amene ali ndi njinga yampikisano anaigula yakale, atasunga ndalama kwa miyezi yambiri, moti tayala limodzi likang'ambika kulipeza kwake n'kovuta ndipo mtengo wake ndi wowawa. Mnyamata wotere ukamuuza kuti atchingire mnzake mphepo mpaka atheretu, kapena kuti azule gudumu lake n'kulipereka kuti likagunde maenje pansi pa munthu wina, amakuyang'ana n'kukukumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ine sindimuimba mlandu. Iye akuwerengera bwino lomwe: akadzipalasira yekha mwina apeza nambala 3 ndi kandalama kogulira ufa, koma akathandiza mnzake apeza kuthokozedwa kwa pakamwa, ngati mnzakeyo angakumbukire n'komwe. Zotsatira zake n'zakuti anyamata asanu ovala malaya ofanana amapikisana okhaokha, wina akathawa mnzake wa timu yomweyo ndi amene amayamba kumuthamangitsa, n'kukokera adani onse pamsana pake.

Chodabwitsa n'chakuti nzeru yogawana phindu la ntchito ya gulu si yachilendo kwa ife. Ku Senga Bay ndi ku Chipoka, asodzi a usipa akapita panyanja usiku, amene amakhala m'bwato la nyali kuitana nsomba ndi wina, okoka chilimila ndi ena, mwini zipangizo ndi winanso, koma asananyamuke aliyense amadziwa gawo limene adzalandire nsomba zikagulitsidwa, ndipo palibe amene angapite panyanja pongolonjezedwa kuti tidzaona pobwera. Achinyamata athu a njinga tikuwapempha kuti agwire ntchito ya gulu popanda mgwirizano umene msodzi aliyense amaufuna asanakwere bwato.

Palinso vuto la kusamvetsa kwa oonerera, limene nyuzipepala ingathandize kulithetsa. Anthu akaona mnyamata amene watsogola kwa makilomita ambiri akupatuka dala pafupi ndi mapeto kuti mnzake adutse, ena amakuwa kuti wagulitsa mpikisano, ena amati walodzedwa miyendo, ndipo akafika kunyumba abale amamufunsa kuti m'mawa uliwonse amadzukiranji ngati mapeto ake ndi nambala 20. Kugulitsa mpikisano kulipo ndithu, ndipo n'koipa, koma kumachitika pamene munthu walandira ndalama kwa wa timu ina kuti afooke dala. Kugwirira ntchito mnzako wa timu imodzi, mogwirizana ndi zimene munapangana poyera, ndiwo masewerowo enieni. Mnyamata amene akunyozedwa chifukwa chochita bwino ntchito yake sabwerezanso, ndipo mpikisano wotsatira adzadzipalasira yekha.

Sindikufuna kuti kalatayi imveke ngati ndikulimbikitsa kuti ena akhale akapolo a anzawo mpaka kalekale. Ntchito ya uthandizi ili ndi mbali yake yowawa imene ngakhale matimu olemera amalephera kuiyendetsa bwino. Mu Tour de France ya 2012 Chris Froome, amene anabadwira ku Nairobi m'dziko la Kenya, ankathandiza Bradley Wiggins, ndipo pa phiri la La Toussuire ataonjezera liwiro n'kumusiya mtsogoleri wakeyo, a timu anamulamula kudzera pa wailesi ya m'khutu kuti adikire. Anadikira, anathera pa nambala yachiwiri, koma chaka chotsatira anapatsidwa utsogoleri n'kupambana, ndipo anabwereza mu 2015, 2016 ndi 2017. Nkhani ya Sepp Kuss wa ku America ndi yophunzitsa koposa. Mu 2023 anathandiza Primož Roglič kupambana Giro d'Italia, anathandiza Vingegaard kupambana Tour de France, ndipo mu Vuelta a España ya chaka chomwecho, mpikisano waukulu wa ku Spain, iye mwini anapezeka akutsogola. Pa phiri la Angliru anzake awiri omwe anawatumikira aja anamusiya m'mbuyo pamene anayamba kutopa, ndipo okonda masewerowa padziko lonse anadandaula kwambiri. Pambuyo pake timu inagwirizana zomuteteza, ndipo anapambana, Vingegaard ndi Roglič akumutsatira. Ngati akatswiri olipidwa bwino angazengereze kubwezera thukuta la mthandizi wawo, sitiyenera kuyembekezera kuti anyamata athu adzachita zimenezi mwa ulemu wokha popanda pangano.

Ndiponso utsogoleri wa timu usakhale ngati ufumu wobadwa nawo. Mnyamata wopepuka thupi amene amakwera bwino zitunda ndiye woyenera kutetezedwa pa mpikisano wokwera kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe, kapena wochoka ku Nkhotakota kulowera ku Kasungu, koma yemweyo ayenera kuvomera kutunga madzi pa mpikisano wa pachidikha wothera pa liwiro, kumene mnzake wa thupi lalikulu ndi amene ali ndi mwayi. Ndaonapo makalabu amene mtsogoleri amasankhidwa chifukwa ndi mwini njinga yokwera mtengo kapena ndi mphwake wa amene amagula yunifolomu, ndipo mnyamata waluso wa zaka 17 amakhala akutunga madzi chaka ndi chaka mpaka atagwa ulesi n'kubwerera ku kabaza. Uthandizi uyenera kukhala sukulu imene wachinyamata amaphunziriramo kuwerenga mphepo, kuyenda m'kati mwa gulu mosaopa ndi kudziwa malire a thupi lake, ndipo amene waonetsa kuti wapsa apatsidwe tsiku lake.

Nkhaniyi ikukhudzanso ulemu wa dziko lathu tikatuluka kunja. Biniam Girmay wa ku Eritrea atapambana zigawo zitatu za Tour de France ya 2024 n'kutenga malaya obiriwira a wopeza mapointi ochuluka, Africa yense anasangalala, koma pa kupambana kulikonse panali anzake a timu ya Intermarché-Wanty amene anamudutsitsa m'chipwirikiti cha makilomita omalizira. Mu Sepitembala 2025 mpikisano wa akatswiri a dziko lonse unachitikira ku Kigali m'dziko la Rwanda, koyamba mu Africa muno, ndipo m'mipikisano yotere opalasa amaimira mayiko awo. Dziko likasonkhanitsa anthu amene moyo wawo wonse akhala akupikisana aliyense payekha, silingawaphunzitse kugwirira ntchito pamodzi m'sabata imodzi ya kampu. Luso limeneli limaphunziridwa pa misewu ya kumudzi, m'mipikisano ing'onoing'ono ngati yathuyi, kapena siliphunziridwa n'komwe.

Kwa okonza mipikisano ndi makampani amene amaika ndalama, pempho langa silifuna kuti muonjezere thumba. Pa ndalama zomwezo patulani gawo looneka likhale mphoto ya timu, powonkhetsa nthawi za opalasa atatu oyamba a timu iliyonse monga zimachitikira mu Tour de France, ndipo pa fomu yolembetsera pakhale malo olembapo dzina la kalabu kuti zotsatira zikamatuluka zizionetsa amene anali pamodzi. Mungathenso kupempha oyang'anira mpikisano amene amayenda pa njinga zamoto kuti asankhe wopalasa mmodzi amene wagwirira ntchito anzake koposa, n'kumuitana kutsogolo pamodzi ndi opambana, ngakhale mphoto yake itakhala tayala ndi chubu chabe, pakuti kwa mnyamata wa kuno zimenezo si zazing'ono. Kwa makalabu, langizo langa ndi lakuti usiku woti mawa ndi mpikisano mukhale pansi pamaso pa mphunzitsi kapena munthu wamkulu amene nonse mumamukhulupirira, mugwirizane kuti mtsogoleri ndani, wachiwiri wake ndani ngati woyambayo atagwa, mphoto idzagawidwa motani, ndiponso kuti gudumu kapena njinga yoperekedwa panjira ikawonongeka adzakonzetsa ndani. Zimenezi zilembedwe m'kope ndipo aliyense asaine. Ena adzati kulemberana n'kusakhulupirirana, koma ine ndaona ubale wa anyamata ukutha chifukwa cha ndalama zimene wopambana anazilandira m'manja pamaso pa anthu n'kuyamba kuona ngati ndi zake yekha. Pangano lomweli ligwirenso ntchito ku matimu a atsikana, amene ndi ochepa kale moti kutaya mmodzi chifukwa cha kukhumudwa kumaphwasula timu yonse.

Kwa inu a Mkonzi, pempho langa ndi lakuti mtolankhani amene mwamutuma ku mpikisano wa njinga asamangoima pamzere womalizira. Pamenepo amaona masekondi 10 okha a ntchito ya maola atatu kapena anayi. Apemphe malo m'galimoto ya oyang'anira kapena akwere njinga yamoto, akaone amene akutsogola gulu pamene mwera wayamba kuwomba kumaso, amene wabwerera m'mbuyo kukatenga madzi, ndiponso amene waima pamene mnzake waphulitsa tayala. Ngati zimenezo sizitheka, pali funso limodzi limene angafunse wopambana asanafunse za mmene akumvera mumtima: kodi lero anakukoka ndani, ndipo kuyambira pati mpaka pati? Yankho lakelo lilembedwe ndi mayina onse awiri a munthuyo pamodzi ndi dzina la kalabu yake, ndipo ngati malo alipo, chithunzi cha timu yonse chilowe m'malo mwa chithunzi cha munthu mmodzi atanyamula chikho. Ife a kuno ku Salima tili okonzeka kumupezera mtolankhani wanu njinga yamoto ndi womuyendetsa pa mpikisano uliwonse umene udzadutse m'boma lino, bola atidziwitse kukadali nthawi.

Ine wanu,
Wokonda masewero a njinga,
Kamuzu Road, Salima.